Bambo Anga Anaikidwa Kumphepete

Bambo anga anaikidwa kumphepete kwenikweni kwa manda, pomwe mitengo ya masuku imathera n'kuyamba bango. Sikuti pakati panalibe malo ayi. Anali mkamwini, ndiponso mlendo. Anachokera kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki, kudzathyola tiyi, n'kukwatira mayi anga m'mudzi muno. Kwathu kuno mwamuna akamwalira amamutengera kwawo kuti akagone pafupi ndi mayi ake ndi amalume ake. Kwawo kwa bambo kunali kutabalalika ndi nkhondo, panalibe ngakhale woti n'kumutumira uthenga. Ndiye akuluakulu anati chabwino, agone konkuno, koma kumapeto. Pakati ndi pa eni mbumba.

Nthawi imeneyo mtsinje unali kutali. Ndikukumbuka chifukwa tsiku la maliro tinakasamba m'manja kumeneko, ndipo tinayenda ndithu, kudutsa bango ndi kamunda ka nzimbe. Ndi kamtsinje kachabechabe, kamathira mu Thuchila, Thuchila n'kukathira mu Ruo. M'chilimwe mutha kukawoloka osavula nsapato. Koma mvula ikagwa kuphiri la Mulanje kamabwera kofiira, katasenza zitsa, n'kuluma gombe la kumanda kuno. Kanadya nzimbe zija. Kanadya bango. Chaka chimene ndinapuma ntchito kufakitale ya tiyi, komwe ndinakalambira ndikusonkhezera moto woumitsira masamba, ndinapita nawo kolambula manda, ndipo ndinapeza kuti pakati pa chiliza cha bambo ndi phompho patsala mapazi asanu ndi limodzi. Ndinayeza ndi mapazi angawa, kawiri.

Ndinaitana mkulu wa adzukulu. Adzukulu ndi aja amakumba manda, ndipo kumanda palibe chimachitika iwo asanavomere. Mkulu wawoyu ndinaphunzira naye kupulayimale, munthu wamfupi, mano ake akutsogolo anawasiya kumowa.

"Achimwene, mwaziona izi?"

"Taziona. Mtsinje umenewo."

"Ndiye titani?"

"Titani chiyani? Inu simukuona kuti madala akufuna kubwerera kwawo? Madzi awa akupita ku Ruo. Basi yaulere, yosafunsa pasipoti. Akatsikira pakhomo penipeni."

Anthu onse anaseka. Adzukulu amaloledwa kuseka kumanda, ndi ntchito yawo, ndipo ine ndimadziwa zimenezo. Koma mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinaponya khasu pansi mpaka mpini unaguluka.

"Ukabwerezanso mawu amenewo ndikukumbira ako lero lomwe, ndipo sindidikira kuti ufe."

Anandigwira anthu. Mkulu uja atasiya kuseka anandiuza zenizeni. Kufukula munthu wogona kale, iyayi, m'mudzi muno sizinachitikepo. Kulowa kumanda ndi wilibala ndi miyala tsiku lopanda maliro, iyayinso. Kumanda salowako wamba. Mtsinje ukafuna kutenga, utenge, ndi zake za Mulungu.

Ndinapita kunyumba ndikutukwana njira yonse. Munthu anathyola tiyi m'dziko lino mpaka zala zinapindika, anabereka ana asanu muno, analipira msonkho muno, ndipo anamupatsa kamalo kamodzi kokha kokhala kake. Tsono kamalo komweko kapite ndi madzi, anthu akuseka? Ndinati zimenezo zichitika ine nditafa.

Nzeru ndinaitenga pamlatho wa pamsewu waukulu. Omanga msewu amaika miyala m'madengu a waya, n'kuwasanja m'mbali mwa madzi kuti dothi lisagumuke. Ndinapita ku Nkando, ndinapeza waya wakale wa mpanda kwa wogulitsa zitsulo zotha ntchito, ndinamangirira panjinga. Ndipo ndinaganiza chonchi: anandiletsa kulowa kumanda. Sanandiletse kulowa mumtsinje. Mtsinje ulibe adzukulu. Ndikaima m'madzi n'kumamanga khoma kuchokera pansi pa phompho, phazi langa siliponda dothi la kumanda ngakhale kamodzi.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ndi mphunzitsi wa sayansi kusekondale ina ku Blantyre. Anabwera patchuthi cha mwezi wa Ogasiti, nandipeza ndili mumtsinje, buluku nditapinda, chiperoni chikuwaza. Dengu lachitatu linali litadzaza theka. Anakhala pamwala, atafunda chitenje cha mayi ake, n'kumandiyang'ana nthawi yaitali. Khalidwe limeneli ndi la mayi ake, ndipo limandinyansa.

"Lankhulani, aphunzitsi. Mwabwera kudzachonga?"

"Ababa, msana wanuwo ndi womwe uja munagona nawo kuchipatala."

"Ndi womwewo. Wina sanandipatse."

Anatola chibuma cha dothi lofiira chimene chinagwa kugombe, nachiponya m'madzi patsogolo panga. Chinasungunuka, madzi anafiira pang'ono, kenako kufiirako kunatsetsereka n'kuzimirira.

"Tandibwezereni chibuma changa, ababa."

"Usandiyese mwana iwe."

"Sindikukuyesani. Ndikufuna mundiuze chifukwa chake simungathe. Dothi lija silinathe, lilipo lonse. Palibe lamulo loletsa kuti tizidutswa take tikumanenso n'kukhala chibuma. Kungoti njira zoti likhale lobalalika ndi zosawerengeka, pomwe njira yoti likhale pamodzi ngati mmene linalili ndi imodzi. Ndiye zinthu zikangosiyidwa zimapita kumene kuli njira zambiri. Muyeso wa kubalalika kumeneku m'mabuku mwathu timautcha entiropi. Ukaphatikiza zonse, sumachepa, umangokula."

Ndinamuuza kuti ine ndinafika Folomu Folo, asandione ngati mbuli. Za malamulo a fizikisi ndinaphunzira. Pali lamulo la zinthu zakugwa, pali la magetsi, pali la kutentha, lililonse ndi mutu wake m'buku, ndipo mayeso ake ndinakhoza.

"Eya," iye anatero. "Inu mwasonkhezera moto zaka zonsezi. Munaonapo tsiku limodzi kutentha kukuchoka m'masamba a tiyi kubwerera m'nkhuni?"

Sindinaonepo. Moto wa kufakitale umafuna bulugamu mphindi iliyonse. Ukangotembenuka kukamwa madzi, chitsulo chayamba kale kuzizira, kapitawo wayamba kale kukuwa.

"Ndi lamulo lomwelo," anapitiriza. "N'chifukwa chake dzulo silibwerera. Ndipo alipo akatswiri ena amene akuganiza kuti mwina malamulo onse aja munaphunzira padera-padera amachokera pa limeneli. Ngakhale kugwa kwa mwala mwanyamulawo, kukoka kwa dziko, akuti mwina si mphamvu yapayokha, koma ndi kubalalika komweku tikukuonera mbali ina. Sanatsimikize, akadakanganabe. Koma zikadzakhala zoona, ndiye kuti pansi pa zonse pali lamulo limodzi."

Ndinaika mwala pansi. Ndinamufunsa ngati ndamva bwino. Anthu ophunzira dziko lonse akhala pansi kufunafuna kholo la malamulo onse, ndipo amene akufuna kumuveka ufumuwo ndi chiwonongeko? Osati kumanga, osati kubala, koma kugumuka?

"Si chiwonongeko kwenikweni, ababa. Ndi kuwerenga njira basi."

"Uzitchule mmene ungafunire. Iwe ukunena zomwe chinanena chidakwa chija cha adzukulu, kungoti iwe wavala nsapato zabwino. Ukuti agogo ako apite ndi madzi."

"Ndikuti tsiku lina adzapita, mufune musafune. Phiri lonseli likutsika pang'onopang'ono kupita kunyanja ya mchere. Ine ndikudandaula msana wanu."

Ndinamukalipira. Ndinanena mawu ena amene sindilemba pano. Ndinamuuza kuti fizi yake ndinalipira ndi msana womwewu, osati kuti adzandiphunzitse kugonja. Iye sanalire, sanathawe. Anangodikira ndimalize, monga amachitira ndi ana a sukulu aphokoso.

Kenako anati, "Sindinamalize. Lamuloli silikuletsani kumanga. Mutha kusonkhanitsa zinthu pamalo amodzi, n'kuzisunga mwadongosolo. Kungoti pena pake payenera kubalalika koposa. Mukapita ku Chonde mukagwire kumbuyo kwa firiji ya m'golosale. M'kati mukuzizira, kumbuyo kukuotcha. Kuzizira kuja kuli ndi kumbuyo kwake."

"Ndiye kumbuyo kwa khoma langali ndi chiyani?"

"Thukuta lanu. Chakudya chimene mukuotcha m'thupi. Mwinanso zina, sindikudziwa."

"Thukuta ndili nalo," ndinatero. "Choka pamwalapo, ndikuufuna."

Mawu akuti mwinanso zina aja sindinawasamale. Ndinamva zimene ndinkafuna kumva.

Ndinamanga mpaka Okutobala. Miyala ndinkaitola kumtunda, komwe madzi amaisiya, n'kuikankha pawilibala m'mbali mwa madzi. Madengu khumi ndi awiri, mizere iwiri, wina pamwamba pa unzake. Mkulu wa adzukulu ankabwera kudzaima pamwamba pa phompho, manja kumbuyo.

"Achimwene, mwalowa kumanda."

"Yang'ana mapazi anga. Ali kuti?"

"Ali m'madzi."

"Madzi ndi ako?"

Ankapukusa mutu n'kumapita. Tsiku lina anandiponyera chinangwa chootcha kuchokera pamwambapo, nati ndidye ndingafere pamalo osayenera n'kuwavutitsa kunyamula.

Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho. Mu Januwale mtsinje unadzaza katatu. Ulendo uliwonse madzi akaphwa ndinkathamangira kukaona. Khoma linali chilili, litakola zinyalala ndi makoko a nthochi, koma osasuntha. Mapazi asanu ndi limodzi aja anali asanu ndi limodzi ndithu. Ndinamuimbira foni mwana wanga.

"Aphunzitsi, kauzeni akatswiri anu aja kuti ku Mulanje lamulo lawo lakanidwa."

Anaseka, nati wamva, akawauza.

Mu Febuluwale, m'mawa wina ndikusenda nzimbe pakhonde, panafika mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje. Ndi wamasiye, msinkhu wa mayi anga aang'ono, amalima dimba moyang'anizana ndi manda n'kumagulitsa mpiru ndi tomato ku Chinakanaka. Sanalandire mpando. Sanayankhe moni.

"Bambo a aphunzitsi, tiyeni mukaone ntchito yanu."

Tinapita. Theka la dimba lawo kunalibe. Pomwe panali mabedi a mpiru panali phompho latsopano, mizu ya nthochi ili lendelende m'malere. Madzi ankati akamenya khoma langa n'kubwerera, amakagunda gombe lawo ngati nkhwangwa.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinachita manyazi pomwepo. Ayi. Ndinakuwa.

"Mtsinje ndi wanga ine? Mvula ndimagwetsa ndine? Kasumireni kuphiri!"

Mayi aja ndi aafupi, amandifika pachifuwa, koma sanasunthe.

"Dimba ili ndalima kuyambira inu musanamere ndevu. Zaka zonsezi mtsinje umadya kwanuko. Mwaumenya mbama, watembenukira kwa ine. Bambo anu ndinkawadziwa, anali munthu waulemu, ankandipatsa moni m'Chilomwe chenicheni. Koma bambo anu sadya mpiru. Ine ndimadya."

Ine mkangano ukandikulira ndimachoka. Ndinachoka.

Madzulo ake ndinaimbanso foni ku Blantyre. Ndinafotokoza zonse. Mwana wanga anamvetsera mpaka kumapeto.

"Nena," ndinatero. "Nena kuti unandiuza."

"Sindinakuuzeni, ababa. Inenso sindinaganize za dimbalo. Ndikanayenera kuyang'ana kutsidya."

"Ndiko kumbuyo kwa firiji kumeneku?"

"Si mmene timaziwerengera m'kalasi kwenikweni. Koma inde. Mphamvu ya madzi sinathe, mwangoitumiza kwina."

Apa ndiye pamene ndinapsa mtima zenizeni, osati kwa mwana, osati kwa mayi aja, koma kwa lamulolo. Ndinkaganiza kuti ndagwirizana nalo: ine ndipereke msana, ilo lisiye bambo anga. Msana linalandira, kenako linazemba kukatenga ndiwo za mayi wamasiye amene sanalowe nawo m'pangano. Ndi khalidwe la kapitawo woipa limenelo, wolakwa wina, wodulidwa malipiro wina.

Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakumana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pamene timawolokera. Nkhani sinatalike. Anati njira ndi ziwiri: ndigwetse khoma mtsinje ubwerere m'njira yake yakale, kapena ndimvane ndi mayi aja mwanjira ina iliyonse imene iwo angavomere. Ambiri ankayembekeza yoyambayo. Mlamu wanga anandinong'oneza kuti ndisachite makani, mafupa ndi mafupa, mzimu wa madala uli kale kwa Mulungu. Wina anati ndimange khoma linanso kutsidyako. Koma ndinali nditaphunzirapo kanthu. Mtsinje ukaupanikiza mbali zonse umathamanga koposa, n'kukaluma wina kumunsi, ndipo ndikanangosamutsira mlandu kwa munthu wachitatu.

Ndinali ndi dimba langa. Osati la kwa mkazi wanga, osati la alongo anga, koma langalanga, limene ndinagula nditapuma ntchito, m'dambo la kuseri kwa nyumba yathu. Dothi lakuda, chitsime chake chosauma. Pa moyo wanga wonse ndi malo okhawo amene ndinganene kuti ndi anga, popeza mwamuna kuno amalima kwa mkazi.

Ndinaimirira. "Khoma sindigwetsa. Amayi, dimba langa la kudambo mukulidziwa. Tengani, muzilima mpaka mudzatope, ana anu adzapitirize. Lanu latsalali tiusiyire mtsinje, ukakwiya uzikhala ndi potambasulira miyendo."

Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndi tomato ali momwemo?"

"Ndi tomato yemwe."

"Nanga ndowa yothirira?"

"Amayi, musandivule ndi malaya omwe."

Anthu anaseka, nkhani inatha. Ndowa anatenganso.

Kunyumba sikunathe msanga. Mkazi wanga ndiye anabzala tomato uja, ndipo sindinamufunse. Pamenepo ndinalakwa, ndikuvomera. Anati, "Mwapereka dimba la amoyo chifukwa cha chiliza. Chabwino. Muzikadya komweko." Mwezi wathunthu ndiwo m'nyumba mwathu zinali zopanda tomato, dala, ngakhale tsiku limene mnansi anatipatsa waulere. Ndinadya osadandaula. Ine wokonda kukuwa, ndinadya chete.

Papita madzinja anayi tsopano. Dimba lakale la mayi aja lasanduka mchenga, madzi akasefukira amagona pamenepo n'kuphwa. M'mphepete mwake ndinabzalamo nsungwi ndi udzu wa vetiva. Khoma limafuna munthu chaka chilichonse. Waya amachita dzimbiri, amaduka, miyala imathawa umodziumodzi. Dengu la kumunsi ndalimanganso kawiri. Mwana wanga sananame, zinthu zikangosiyidwa zimabalalika, ndipo sizitopa, sizidwala msana, sizipita kumaliro. Za akatswiri ake aja ndimamufunsa akabwera, ngati amaliza kukangana. Akuti sanamalize. Ine ndikuti akhoza kupeza kuti n'zoona, kuti pansi pa kugwa kwa mwala ndi kuyaka kwa dzuwa pali kubalalika basi. Zikhale choncho. Kufakitale ndinagwira ntchito pansi pa mabwana amene sindikanatha kuwachotsa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuvulira chipewa ndi mtima wonse.

Chaka chatha anabweranso patchuthi, nakhala pamwala wake uja.

"Ababa, ndifunse?"

"Ukafunsa ngakhale ndikane."

"Inu mukadzapita, adzanyamula miyala ndani?"

"Osati iwe. Manja akowo ndawaona, ndi a choko."

"Ndiye khoma lidzagwa."

"Lidzagwa."

"Nanga zonsezi n'zachiyani?"

Sindinamuyankhe tsiku limenelo, chifukwa yankho ndinali ndisanalipeze. Ndinalipeza patsiku lolambula manda lotsatira, nditaima pakati, pomwe pagona mayi anga ndi amalume anga. Ine ndine mwana wa mbumba ya m'mudzi muno. Malo anga ali pamenepo, pamthunzi, kutali ndi madzi, palibe angandikanize. Ndinayang'ana kumphepete kuja, chiliza cha bambo chili chokha ngati munthu wodikira basi.

Ndinakoka mkulu wa adzukulu pambali. Wakalamba tsopano, mano atsala owerengeka.

"Tamvera, ndipo usaseke. Tsiku langa likadzafika, pakati pano musadzandikumbire. Mudzakumbe uko, pakati pa bambo ndi khoma. Malo alipo, ndinayeza."

"Achimwene, kumeneko ndi kwa alendo."

"Ndikudziwa."

"Alongo anu adzakana."

"Ndawauza kale. Akana, ndawakalipira, avomera."

Anakanda m'mutu, nayang'ana phompho, nayang'ana ine. Ndinaona kuti nthabwala yamufika pakamwa ndipo ikumuvuta kumeza.

"Nena," ndinatero.

"Ndimati basi ija ya ku Mozambiki tsopano ikhala ndi kondakitala."

Ulendo uno khasu sindinaponye. Ndinamuuza kuti adzakumbe mozama, chifukwa mtsinjewo usanafike kwa bambo anga uyenera kuyamba wathana ndi ine, ndipo ine sindinayambe ndachokapo pamalo mwaulemu.

Mwana wanga nditamuuza pafoni anati zimenezo sizisintha lamulo ngakhale pang'ono. Ndinati ndikudziwa, ndinafika Folomu Folo. Kenako ndinadula foni, chifukwa kunali kutatsala milungu itatu kuti mvula iyambe, ndipo dengu la kumunsi linali litayambanso kutaya miyala.